Kuchotsa mpweya wa carbon dioxide mumlengalenga: njira zisanu, mtengo wake ndi pamene iliyonse imalepherera

Chaka chilichonse anthu timatulutsa matani oposa 37 biliyoni a mpweya wa carbon dioxide, womwe umalembedwa CO2, potentha malasha, mafuta ndi gasi komanso popanga simenti. Mafakitale asanachuluke, pa tizigawo 1 miliyoni ta mpweya wa mumlengalenga, 280 tinali ta CO2. Lero tadutsa 420, ndipo mpweyawu umatenthetsa dziko. Njira zatsopano zochotsera mpweyawu, zonse pamodzi, ofufuza anaziwerengera mu 2024 kuti zimachotsa pafupifupi matani 1.3 miliyoni pachaka. Dziko limatulutsa mpweya wochuluka chonchi m'mphindi zosakwana 20.

Ngakhale ntchitoyi ndi yaing'ono, ndalama zikulowamo, ndipo pali anthu oyenera kusankha: kampani yofuna kugula ziphaso za kaboni, pomwe chiphaso chimodzi chimaimira tani imodzi yochotsedwa, kopaletivi ya alimi yomwe yabweretsedwa mgwirizano woti isaine, ndi mkulu wa boma amene ayenera kupereka chilolezo. Chimodzi tichotseretu panjira. Kugwira utsi pa chumuni cha fakitale ya simenti kapena ya malasha ndi kuletsa mpweya watsopano kuti usakwere. Kuchotsa ndi kubweza pansi mpweya umene unakwera kale. Wogulitsa akasakaniza ziwirizi, dziwani kuti ndi zina azisakanizanso.

Miyeso isanu

Woyamba ndi tani yotsala. Makina, malole ndi ng'anjo nazo zimatulutsa CO2, ndiye chofunika ndi chomwe chatsala mukachotsera zonsezo. Wachiwiri ndi nthawi: mpweyawo ukhala pansi zaka 100, 1,000 kapena zoposa 10,000? Wachitatu ndi kayezedwe. Njira zina mpweya umadutsa pa mita ngati madzi a m'paipi, zina amangowerengera pa kompyuta kuchokera ku dothi lochepa lomwe atapa m'munda. Wachinayi ndi kusiyanitsa matani olonjezedwa ndi matani operekedwa, pakuti migwirizano yambiri yomwe imamveka m'nyuzipepala ndi ya mpweya woti udzachotsedwe zaka zikubwerazi. Wachisanu ndi zomwe njirayo imadya: magetsi, madzi, malo, zotsalira za m'munda. Mtengo wa tani umatsatira kwambiri muyeso wachiwiri ndi wachitatu. Tani yokhalitsa komanso yoyezeka bwino imadula, ndipo yotchipa nthawi zambiri ili ndi pena pomwe yafooka.

Makina okoka CO2 mumpweya, otchedwa DAC

Vuto lake lili pa kuchepa kwa CO2 mumpweya womwe timapuma. Kuti mupeze tani imodzi, mafani ayenera kukoka mpweya wokwana makyubiki mita pafupifupi 1.3 miliyoni, ndipo apo ndiye kuti sefa yagwira zonse osaphonya.

Pali mitundu iwiri yaikulu. Kampani ya ku Switzerland ya Climeworks imagwiritsa ntchito masefa olimba opakidwa mankhwala ogwira CO2 otchedwa amine. Sefa ikakhuta, bokosi limatsekedwa, mpweya wamba umapopedwa kunja, kenako amatenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 100 kuti CO2 asiyane ndi sefa. Ku Hellisheiði ku Iceland, kampani ya Carbfix imasungunula mpweyawo m'madzi, matani 25 a madzi pa tani imodzi, n'kuupopera m'miyala yakuda ya chiphalaphala yotchedwa basalt, momwe woposa 95 peresenti umasanduka mwala zaka ziwiri zisanathe. Mtundu wachiwiri, womwe unayambitsidwa ndi Carbon Engineering ku Squamish ku Canada, umadutsitsa mpweya m'madzi a potassium hydroxide, n'kupanga timibulu ta calcium carbonate tomwe timawotchedwa pa madigiri 900. Kampani ya Heirloom ku California yatenga njira yachitatu: imayala laimu wowotcha pa matileyi, ndipo amayamwa CO2 m'masiku atatu.

Mtengo: iyi ndi njira yodula kuposa zonse. Mu 2023 gulu la ogula la Frontier, lomwe linayambitsidwa ndi Stripe, Alphabet, Shopify, Meta ndi McKinsey, linagwirizana ndi Heirloom madola 26.6 miliyoni pa matani 26,900, kutanthauza pafupifupi madola 990 pa tani. Lamulo la ku America la 2022 linaika thandizo la msonkho la madola 180 pa tani yosungidwa pansi, ndipo mapulani ambiri a kumeneko amatsamira pa ndalama imeneyi.

Kupezeka: fakitale ya Climeworks ya Orca ku Iceland inatsegulidwa mu 2021, italembedwa kuti ingagwire matani 4,000 pachaka. Inzake ya Mammoth inatsegulidwa mu 2024, italembedwa kuti ingagwire matani 36,000, koma pa tsiku lotsegulira panali mabokosi 12 okha pa 72. Mu 2025 nyuzipepala ya ku Iceland ya Heimildin inalemba kuti zomwe zinagwidwadi zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi manambala amenewa. Kampani ya mafuta ya Occidental, yomwe inagula Carbon Engineering mu 2023, inamanga fakitale ya Stratos ku Texas yoti izidzafika matani 500,000 pachaka. Ku Africa kuno, Octavia Carbon ikuyesa makina ang'onoang'ono ku Kenya, komwe kuli nthunzi yotentha ya pansi pa nthaka ndi miyala ya basalt malo amodzi.

Kasamalidwe: tani imodzi imadya mphamvu ya makilowati-awa pafupifupi 2,000, yambiri ngati kutentha. Fakitale ya matani 1 miliyoni ingafune mphamvu yoyandikira kawiri zomwe siteshoni ya Kapichira, ya mamegawati 130, ingapange itagwira chaka chonse osapuma. Masefa a amine amaonongeka akakumana ndi oksijeni akadali otentha, ndiye bokosi liyenera kuzizira lisanatsegulidwe. Fumbi, chinyezi, chisanu ndi mpweya wa salufa zimafupikitsanso moyo wa sefa, ndipo kusintha masefa ndi gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera. Mtundu wa madzi umataya matani angapo a madzi pa tani iliyonse, makamaka kumalo otentha ndi ouma.

Zoopsa: magetsi akakhala a malasha, makina angatulutse mpweya wofanana ndi womwe agwira. China ndi chakuti CO2 wogwidwa angapopedwe m'zitsime zakale za mafuta kuti afinye mafuta ena. Mgwirizano uzinena momveka kumene mpweyawo ukupita.

Kugwira CO2 wochokera ku zomera, kotchedwa BECCS

Apa ntchito yokoka mpweya imagwiridwa ndi mbewu ndi mitengo. Fakitale imawotcha kapena kuwiritsa zomerazo, n'kugwira CO2 asanathawe. Kosavuta kwambiri ndi ku mafakitale a ethanol. Thovu lomwe limatuluka mowa ukamawira ndi CO2 pafupifupi yekhayekha, ndipo lita imodzi ya ethanol imabwera ndi magalamu pafupifupi 750 a mpweyawu. Utsi wa m'boila yowotcha nkhuni ndi nkhani ina: CO2 amakhala pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi, ndipo pamafunika nsanja zotsukira utsiwo ndi amine komanso nthunzi yambiri kuti asiyanitsidwe.

Mtengo: kugwira kokha pa fakitale ya ethanol kumayerekezedwa pa madola 25 mpaka 35 pa tani. Mukawonjezera kunyamula ndi kusunga, kapena mukatengera ku boila, mtengo umakwera ndipo ungafike madola mazana angapo. Stockholm Exergi, yomwe ikumanga malo ogwira matani 800,000 pachaka, inayamba kumanga boma la Sweden litalonjeza ndalama zoposa makrona 20 biliyoni pa zaka 15.

Kupezeka: kampani ya ADM yakhala ikupopa CO2 wa ethanol pansi pa nthaka ku Decatur, Illinois, kuyambira 2011. Ku Norway, pulojekiti ya Northern Lights imalandira mpweya pa sitima ku Øygarden, n'kuutumiza pa paipi kukausunga mamita 2,600 pansi pa nyanja. Inayamba mu 2025. Ku Malawi ethanol amapangidwa kuchokera ku molasesi ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndiye mpweya woyerawo ulipo. Koma kuugulitsa kwa opanga zakumwa zoziziritsa kukhosi si kuuchotsa, chifukwa umathawa botolo likangotsegulidwa. Popanda chitsime chosungira mpweya pansi, chofufuzidwa ndi chololedwa, pafupi, njirayi imathera pa geti la fakitale.

Kasamalidwe: mpweya uyenera kuumitsidwa, chifukwa CO2 wonyowa amapanga asidi wodya chitsulo. Kenako umapanikizidwa kudutsa mabaa 74 (baa imodzi ndi pafupifupi kupanikiza kwa mpweya womwe watizungulira) ndi kupopedwa mozama kuposa mamita 800, pansi pa mwala wosadutsa madzi. Zitsime zoyang'anira zimafunika kwa zaka zambiri kupopa kutatha, ndipo mgwirizano uzinena amene adzalipire.

Zoopsa: mu 2024 bungwe la boma la America loona za chilengedwe la EPA linapeza kuti chitsime choyang'anira cha ku Decatur chinadyeka ndi dzimbiri ndipo zamadzi zinasamukira m'miyala yosaloledwa, kupopa kunaima kaye. Mu February 2020 paipi ya CO2 inaphulika ku Satartia, Mississippi, anthu 45 anapita kuchipatala, ndipo magalimoto anazima chifukwa mpweyawu ndi wolemera, umakhazikika m'zigwa n'kuthamangitsa oksijeni. Choopsa chachikulu, komabe, ndi gwero la zomera. Zikakhala zotsalira, masamu amayenda. Zikakhala nkhalango yodulidwa kapena munda wolandidwa ku chakudya, tani yotsala ingathe kukhala ziro.

Makala okwirira m'nthaka, otchedwa biochar

Iyi ndi njira yomwe owerenga ambiri angaigwire ndi manja, ndipo pa matani okhalitsa omwe aperekedwadi kwa ogula mpaka pano, ochuluka ndi ake. Zotsalira za mbewu zikawola, kaboni wake amabwerera mumlengalenga m'zaka zochepa. Zikawotchedwa mopanda mpweya wokwanira pa madigiri 500 mpaka 700, gawo la kaboniyo limasanduka makala osawola msanga. Kusiyana kwake ndi makala a pa mbaula ndi kumodzi kokha koma ndi kwakukulu: awa sayenera kuyakanso.

Mtengo: ziphaso zake zimagulitsidwa pakati pa madola 100 ndi 200 pa tani. Tiwerengere. Matani asanu a zitsononkho zouma amapereka pafupifupi tani imodzi ya makala. Makalawo akakhala ndi kaboni 75 peresenti, mumachulukitsa ndi 3.67, poti tani ya kaboni imapanga matani 3.67 a CO2, n'kupeza matani 2.75 a CO2. Mukachotsera gawo lomwe lidzawole ndi mafuta a mayendedwe, mumatsala ndi matani 2 mpaka 2.5. Pa madola 150, ndi ndalama zosapitirira madola 375, ndipo apa woyeza, wolembetsa ndi mkhalapakati sanatengepo zawo. Mankhusu a mpunga amapereka zochepera, chifukwa makala ake ndi phulusa lambiri, kaboni pang'ono.

Kupezeka: makampani aakulu, monga Exomad Green ku Bolivia, amagwiritsa ntchito zotsalira za kumacheka m'ng'anjo za fakitale. Kwa alimi pali ng'anjo ya Kon-Tiki yomwe bungwe la Ithaka Institute linafalitsa mu 2014: chitsulo chooneka ngati beseni lakuya losongoka pansi, kapena dzenje lokumbidwa momwemo. Zitsononkho, makoko a mtedza, mitengo ya nandolo ndi utuchi woumbidwa zonse zimatheka.

Kasamalidwe: zowotcha ziume, chinyezi chisapitirire 15 mpaka 20 peresenti. Yatsani moto pansi pa dzenje, ndipo pamwamba pakayamba kuoneka phulusa loyera, onjezani mzere wina wopyapyala. Lawi la pamwamba ndi lomwe limatchinga mpweya kuti usafike pa makala a pansi, ndiponso limawotcha utsi. Mukathira zambiri nthawi imodzi lawi limazima, utsi woyera umatuluka, ndipo mu utsi umenewo muli methane, yemwe amatenthetsa dziko kuposa CO2. Mukachedwa kuwonjezera, makala amapsa n'kukhala phulusa. Dzenje likadzaza, zimitsani ndi madzi ambiri mpaka nthunzi itatha. Makala ozimitsidwa mwa theka amayakanso usiku. Aphwanyeni, muwasakanize ndi manyowa kapena kompositi, adikire milungu iwiri mpaka inayi. Makala osaviikidwa amayamwa nayitrojeni wa m'nthaka ndipo chimanga cha chaka choyamba chimachita chikasu. Kuthira m'mapando momwe mbewu ikubzalidwa kumafuna makala ochepa kuposa kumwaza munda wonse. Kulabotale amayeza haidrojeni poyerekeza ndi kaboni. Nambalayo iyenera kutsika pansi pa 0.7, ndipo yotsika pansi pa 0.4 ndiye yokhalitsa kwambiri.

Zoopsa: phindu pa zokolola silili paliponse. Poyesa ku Kaoma ku Zambia, pa dothi la mchenga ndi la asidi, chimanga chinachita bwino kwambiri, koma pa dothi lachonde kusintha kumakhala kochepa. Mapesi omwe akanaphimba nthaka kapena kudyetsa ng'ombe asalowe m'ng'anjo. Ndipo komwe thumba la makala lili ndi msika wa tsiku lomwelo, mayesero ogulitsa ndi aakulu. N'chifukwa chake kusakaniza ndi manyowa pamalo pomwepo kumathandiza kawiri, chifukwa makala amanyowa palibe amene amawagula kuti aphikire. Pulojekiti yomwe siikutha kuonetsa kuti sinadule mtengo ndi umodzi womwe, isiyeni.

Fumbi la miyala m'minda

Madzi a mvula amatenga CO2 n'kukhala asidi wofooka, yemwe amasungunula calcium ndi magnesium wa m'miyala. Kaboni amasanduka bicarbonate, mchere wosungunuka m'madzi, amatsika ndi madzi kupita m'mitsinje mpaka kunyanja yamchere, komwe amakhala zaka zoposa 10,000. Mwachilengedwe izi zimatenga nthawi yaitali. Kugaya mwala kukhala ufa kumazifulumizitsa.

Mtengo: mu 2023 Frontier inagwirizana ndi kampani ya Lithos madola 57.1 miliyoni pa matani 154,240, pafupifupi madola 370 pa tani. Gawo lalikulu la ndalamazi limapita ku malole ndi ku labotale, osati ku mwala.

Kupezeka: pamafunika basalt kapena mwala wofanana naye. Fumbi la kwale la granite kapena gneiss lili ndi calcium ndi magnesium wochepa ndipo limasungunuka mochedwa, choncho si fumbi lililonse la kwale lomwe lingathandize. Basalt alipo wambiri kuzungulira mathithi a Victoria Falls ndi chigwa cha Batoka. Mati Carbon, yomwe inapambana mphoto ya XPRIZE ya madola 50 miliyoni mu 2025, imagwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono ku India ndipo yafikanso ku Zambia ndi Tanzania. Malo otentha ndi amvula yambiri ndiwo abwino.

Kasamalidwe: nthawi zambiri amathira matani 10 mpaka 50 pa hekitala. Tani ya basalt ikasungunuka yonse imagwira pafupifupi makilogalamu 300 a CO2, ndiye matani 20 pa hekitala sangapose matani 6, ndipo zimenezo ndi pa zaka zingapo. Dothi liyenera kutapidwa fumbi lisanathiridwe, kenako chaka ndi chaka, ndipo pasiyidwe ndime zosathira zoyerekezera. Oyeza amaona mmene calcium ndi magnesium achepera poyerekeza ndi titanium, yemwe sasungunuka.

Zoopsa: apa muyeso wachitatu ndiye wofooka. Asidi wochokera ku feteleza wa nayitrojeni amasungunula mwala popanda kugwira CO2, ndiye mwala ungathe koma mpweya osachotsedwa. Dothi la asidi kwambiri limayamba lagwira calcium yense lisanamulole kutsika, zomwe zimachedwetsa phindu. Chilimwe chikafika kusungunuka kwa mwala kumaima. Mwala wa olivine umasungunuka msanga koma uli ndi nickel ndi chromium, choncho lipoti la labotale la mwalawo lionedwe lole isanatsitse katundu. Omwaza avale zotchinga mphuno, kapena fumbilo lithiridwe lonyowa.

Njira za m'nyanja yamchere

Nyanja imayamwa kale pafupifupi kotala ya CO2 yemwe timatulutsa, ndipo ena akuthiramo mankhwala ochepetsa asidi kuti iyamwe wambiri, pomwe ena akuchotsa CO2 m'madzi ndi magetsi. Mtengo: madola mazana angapo pa tani. Kupezeka: zoyesa chabe, monga za Planetary ku Halifax ku Canada. Kasamalidwe: mapaipi amatsekeka ndi zomera za m'madzi, ndipo mankhwala akachuluka malo amodzi amaundana n'kubweza mpweya. Zoopsa: madzi amayenda, ndiye matani amawerengedwa pa kompyuta, ndipo asodzi ndi anthu a m'mphepete angakane, monga zinachitikira ku St Ives ku England mu 2023. Kampani ya Running Tide, yomwe inkamiza zomera m'nyanja, inatseka mu 2024.

Ndani asankhe iti

Kampani yomwe yachepetsa kale utsi wake, yatsala ndi matani ochepa ovuta, ndipo ikufuna umboni wosatsutsika, igule DAC kapena BECCS yosungira m'miyala, n'kulipira pa matani operekedwa okha. Yomwe bajeti yake siingafike pamenepo igule biochar wokhala ndi lipoti la labotale, ikudziwa kuti ikugula zaka mazana, osati zikwi khumi.

Kopaletivi yokhala ndi zitsononkho, makoko kapena mankhusu ambiri malo amodzi, monga pa chigayo kapena pa depoti, ndiponso dothi la mchenga, iyambe ndi biochar pa ndime zochepa kwa nyengo imodzi. Phindu loyamba liwerengedwe pa zokolola; ndalama za ziphaso zimachedwa. Musanasaine, funsani gawo la mlimi pa tani iliyonse, amene amalipira labotale, ndi zaka zomwe mgwirizano ukukumangani.

Alimi oyandikana ndi kwale ya basalt, kumalo amvula yambiri, angalandire fumbi la miyala ngati kampani ikulipira mayendedwe ndi kuyeza, ndipo yaonetsa lipoti la nickel ndi chromium. Kwale ikakhala kutali makilomita mazana, dizilo wa malole amadya phindu.

Fakitale ya shuga kapena ya ethanol yopanda chitsime chosungira pafupi ingachite bwino kuwotcha zotsalira za nzimbe zomwe boila siikuzifuna kukhala biochar kusiyana ndi kudikira mapaipi. Boma la dziko lomwe magetsi ake sakukwanira nyumba ndi zipatala lisapereke magetsiwo ku DAC, pokhapokha pulojekitiyo ikubwera ndi siteshoni yakeyake. Za m'nyanja zisiyidwe kwa mayunivesite ndi ogula omwe akulipira kafukufuku ali okonzeka kutaya ndalamazo.